Mpango wa Felista ndi Nyenyezi ya Zidutswa Zisanu

Za ubwana wanga sindilemba. Amene anauona anapita, ndipo amene atsala mukawafunsa adzakuuzani kuti ndinali mwana wofatsa, chifukwa akudziwa kuti kwanga kumamwedwa tiyi wamkaka. Ndiyambira pa ntchito. Inu ana anga mumandinena kuti sindikhulupirira munthu, kuti ngakhale wodzapala moto ndimamuyang'ana m'manja akamatuluka. Sindikukana. Koma ndikufuna mudziwe kumene khalidweli linachokera, ndiponso sabata imodzi imene linatsala pang'ono kuphetsa ntchito ya mwana wa eni ake. Muwerenge nokha kope ili. Musabwereke munthu.

Likoswe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa sukulu ina ya kwa Likoswe, ya zipinda zinayi za zidina ndi makalasi awiri a pansi pa mitengo ya mango. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, mphasa, mbaula, ndi kathumba kansalu kamene ndinkakamangirira m'chiuno mkati mwa chitenje. M'kathumbamo munali zidutswa zisanu za lata. Anandipatsa ndi Sisitere Kolumba, mayi wamfupi wa ku Mulanje amene ankatiphunzitsa masamu ndi zosoka ku koleji, ndipo anachita kukadulitsa kwa mmisiri wa zidebe kuchokera ku chitini cha mafuta ophikira. Zidutswazo mukaziyala bwino patebulo zimapanga sikweya, ija ya mbali zinayi zofanana ngati duku. Mukazisuntha, osawonjezerapo kanthu, osachotsapo kanthu, zimasanduka nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Tiwiri ndi tating'ono ta ngodya zitatu, tofanana ngati mapasa. Mu sikweya timagona pakati mogundana, koma mu nyenyezi kena kamakakhala nsonga ya kumwamba, kena ya pansi. Zitatu zinazo n'zazikulu, zokhotakhota, zopanda dzina m'buku lililonse.

Tsiku limene ankandipatsa, Sisitere anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Edesi, pa pepala izi n'zosavuta, chifukwa pepala limangogundana mlomo ndi mlomo. Koma tsiku lina wina adzati umuchitire pa nsalu. Pamenepo uchenjere. Msoko umadya." Ndipo anandionetsa njira yake: nsalu uyambe waiviika m'phala lamadzimadzi la ufa wa makaka, chinangwa chouma chija, uisite ilimbe gwa ngati pepala, kenako udule. Zidutswazo usazisokere pamodzi ayi. Uziyale pa nsalu ina yapansi, uzigunditse, n'kumazikhomerera ndi ulusi m'mphepete. Anationetsa tili atatu. Anzanga awiriwo ankaganiza za ukwati ndipo anaiwala.

Kwa Likoswe kunalibe mapepala. Choko tinkachidula patatu. Ndinkapempha matumba a simenti kwa omanga tchalitchi, ndi makatoni a sopo ku sitolo ya pamsewu, n'kumalemberera zidutswa zanga za lata ana asanafike. Pophunzitsa za kukula kwa malo, ndinkakhoma sikweya pabolodi, pambali pake nyenyezi, n'kufunsa kuti chachikulu n'chiti. Kalasi yonse inkakuwa kuti nyenyezi. Nanga si ili ndi manja otambasuka? Ndikachotsa nyenyezi ija n'kuiyala pamwamba pa sikweya chidutswa ndi chidutswa mpaka kukwanira ndendende, wina kumbuyo ankati, "Madamu ndi amatsenga." Ana amene anaona zimenezo sankasokonezanso kutalika ndi kukula. Lero ena ndi akalipentala, ena amayeza minda.

Chaka changa chachiwiri kunabwera bambo wina woyendera sukulu. Dzina ndilisunga, ali ndi ana. Anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga, njinga yake yamoto ili pamthunzi, ndipo phunziro litatha anabwera akusisita m'manja.

"Mayi Nampinga, ichi munachitenga kuti?"

"Ku koleji, bwana."

"Ndi chinthu chabwino. Tandibwerekani ndikaonetse anzathu ku Boma, akudziweni. Lachisanu chibwera."

Ndinali ndi zidutswa zakatoni zimene ndinazipaka utoto wofiira masabata awiri athunthu, kumbuyo kwake n'kulembako dzina langa. Ndinawapatsa ndi manja awiri, nditagwada. Mwayi wake za lata zinali m'chiuno. Lachisanu linadutsa, ena ambiri anadutsa. Patapita miyezi inayi tinaitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi, ndipo bambo aja anaima kutsogolo ndi zidutswa zofiira, kumbuyo kwake atamatako pepala loyera. "Izi ndinaziganiza ndekha," iwo anatero, "tsiku lina ndikudikira basi ku Limbe." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinakweza mkono kuti ndilankhule, koma mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye pabenchi anaukokera pansi. "Mwana iwe, ukufuna akakuponye ku sukulu yopanda chitsime?" Masiku amenewo munthu sunkadziwa kuti amene wakhala pambali pako akakanena chiyani, kwa yani. Ndinakhala chete. Pobwerera ndinayenda wapansi mtunda wonse ndikudziuza chinthu chimodzi, kuti chimene ndikudziwa sindidzachionetsanso chonse kwa munthu wamkulu mnzanga. Kuyambira pamenepo phunziro la nyenyezi likatha ndinkatolera chidutswa chilichonse m'manja mwa ana, n'kukaponya pamoto.

Mpama, 1994, chaka chimene sukulu inakhala yaulere

Kwa Mpama ndinasamukira bambo anu atangotisiya, iwe Paulo uli mu Sitandade 5. A Hedi athu anali a Chimenya, munthu wamtali, wosaseka pagulu, amene analinso wapampando wa tchalitchi chathu chaching'ono. Sankakonda mabodza ndipo sankaiwala. Chaka chimene boma linati ana onse aziphunzira ulere, ana anabwera ngati ngumbi. Ena anali ndi ndevu, ena ankafika atabereka azing'ono awo. Makalasi anasefukira pansi pa mtengo uliwonse umene unali ndi masamba, mabolodi tinkapaka makala ndi masamba a mbatata, ndipo buku limodzi ankalizungulira ana ngati nkhuku pa lichero. Aphunzitsi anasowa, choncho anatitumizira achinyamata atatu osapita ku koleji, ongophunzitsidwa masabata ochepa. Ife akale tinkawatcha aganyu, iwo asakumva.

Mmodzi wa iwo anali Rozaliya Muhiwa, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anamupatsa mbali ina ya nyumba imene ine ndinkakhala, khoma limodzi, khonde limodzi. Makolo ake anamwalira, ndipo kumudzi anasiya anganga ake, agogo aakazi olankhula Chilomwe chokhachokha, ndi azing'ono ake awiri, onse akuyang'ana kwa iye. Ankaimba posesa, ankaimba potsuka mbale, ndipo ankaseka ndi aliyense, kuyambira a Hedi mpaka wogulitsa usipa. Ine munthu woseka ndi aliyense ndimamuopa. Chikomekome cha nkhuyu. Ndinangoti ameneyu amuika pakhoma langa kuti azimva zimene ndimalankhula.

Kalasi yake ya Sitandade 3 inali pansi pa mtengo woyang'anana ndi windo la Sitandade 7 yanga. Tsiku limene ndinaphunzitsa za nyenyezi, madzulo ake anandipeza ndikusankha nyemba.

"Achemwali, chija munachita lero chija! Ana anga onse anandithawa m'maso, amangoyang'ana kwanu. Tandiphunzitsaniko."

"Ndi za ku koleji zimene zija."

"Ndiye ine ndilibe koleji, n'chifukwa chake ndikupempha."

"Ukadzapita ukazipeza."

Anaseka, n'kukhala pansi kundithandiza kusankha nyemba. Sanapemphenso. Patatha mwina miyezi itatu, anabwera akuthamanga kuchokera kuseri, m'manja muli zidutswa za thumba la simenti. Anaziyala pakhonde langa: sikweya. Anazisuntha: nyenyezi. Ndinapapasa m'chiuno, kathumba kalipo.

"Wazitenga kuti?"

"Pa tebulo lanu la m'kalasi, achemwali. Mpeni wanu unasiya mizere pamene mumadulira. Ina inafufutika, ndiye ndakhala ndikuyesa, kupinda, kudula, kutaya. Matumba asanu ndi awiri! Mwaona kuti ndakhoza?"

Anakhozadi. Lero ndikulemba kuti mwana amene uja anali ndi mutu wa masamu kuposa ine, chifukwa ine ndinachita kupatsidwa. Koma tsiku limenelo sindinaone mutu, ndinaona bambo wa njinga yamoto atavala diresi. Ndinamuuza kuti achotse zinyalala pakhonde panga. Mawa lake tebulo lija ndinalipala ndi galasi losweka.

Mpama, Disembala, patapita zaka ziwiri

A Chimenya anali ndi mwana wamkazi mmodzi, Felista. Anadwala malungo aakulu n'kumwalira kutatsala milungu itatu kuti akwatiwe mu tchalitchi. Pogawa zovala zake monga mwa mwambo, mayi ake anabisa chinthu chimodzi: mpango wachikasu wonyezimira, woterera m'manja, umene Felista anakagula ku Limbe kuti adzavale tsiku loperekedwa kwa apongozi. Anausunga m'sutikesi chaka chathunthu. Ndiye mu Disembala umenewo amayi a tchalitchi anagwirizana zosoka mbendera yatsopano yotsogolera mdipiti pa Lamulungu la Mafumu Atatu, aja anatsata nyenyezi. Nsalu yabuluu inalipo. Inasowa ya nyenyezi.

Mayi Chimenya anabwera kwa ine masana ena mvula itangokata, mpango uli m'pepala.

"Amake Paulo, ndamva kuti inu mumasandutsa chinthu cha mbali zinayi kukhala nyenyezi popanda chotsala. Telala wa pa msika akuti adula nyenyezi pakati, zam'mbali ataya. Ine sindikufuna. Mwana wanga anapita yense. Mpango wake ukwere pa mbendera wonse, ngakhale kaulusi kasagwe pansi."

Ndinauyang'ana mpangowo osaukhudza. M'mutu mwanga munabwera zambiri. Ukawonongeka, wolakwa ndine. Ukakoma, adzati amayi a tchalitchi asoka. Ndipo posoka adzandizungulira, aliyense maso pa manja anga.

"Amayi, zija zimatheka pa pepala pokha," ndinatero.

Linali bodza, ndipo ndinalinena ndikuwayang'ana m'maso. Rozaliya anali pakhonde lomwelo akusita yunifolomu ya mng'ono wake yoti atumize kumudzi. Anaika simbi pansi.

"Amayi, ine ndingayese. Mizere yake ndikuidziwa."

Mayi Chimenya anatembenukira kwa ine ngati akufunsa. Ine ndinayang'ana nkhuku. Anamupatsa.

Tsopano mumvetse chimene chinali pamutu pa Rozaliya. Sabata yomweyo kunabwera kalata yoti pa aphunzitsi atatu aganyu aja, sukulu itumize dzina limodzi la woyamba kupita ku koleji. Otsalawo sankadziwa ngati chaka chamawa adzakhala ndi ntchito. Wolemba dzinalo anali a Chimenya, ndipo fomu inkayenera kupita ku Boma Lolemba lotsatira Lamulungu la mdipiti. Aliyense ankadziwa kuti dzina ndi la Rozaliya. Koma aliyense ankadziwanso mawu amene a Chimenya ankakonda pa misonkhano, oti munthu wolonjeza chimene sangathe asayandikire ana a anthu. Rozaliya akanawononga mpango wa Felista, akanabwerera kumudzi kwa anganga ake, kumene amalume ake anali atamupezera kale mwamuna wa akazi awiri.

Anakulitsa mizere ija pa thumba la simenti mpaka kufanana ndi mpango. Anayesa katatu pa pepala, katatu konse nyenyezi inatuluka yokongola. Nsalu yoyeserapo analibe, kapena sanaganize kuti n'kofunika. Lachinayi masana anayala mphasa pakhonde, anayala mpango, anaika mapepala pamwamba n'kupanikiza ndi miyala. Ine ndinali m'nyumba, pawindo, kuseri kwa katani. Ndinaona kuti sanaviike m'phala. Ndinaona nsalu ikuterera pansi pa sizasi. Panali mtunda wa mapazi asanu okha pakati pa ine ndi iye, ndipo mawu ofunika anali awiri, "Roza, dikira." Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kudula. Ine ndinaimabe pomwepo mpaka chidutswa chachisanu, ndikudziuza kuti wakuba aphunzire kuti si zonse zimatsalira pa tebulo.

Lachisanu anayamba kusoka monga amasokera aliyense, kupinda m'mphepete, kulumikiza ziwiri, kubaya. Msoko uliwonse unkadya chala chimodzi uku, chala chimodzi uko. M'mawa ankaimba. Dzuwa lili pamutu nyimbo inasiya. Ndinamva akung'amba ulusi, kusokanso, kung'ambanso, ndipo nsalu yoterera ikamasulidwa kawiri m'mphepete mumayamba kusololoka. Masana omwewo a Chimenya anandiitana ku ofesi, poti ndinali mphunzitsi wamkulu pa akazi.

"Mayi Nampinga, mumakhala naye khoma limodzi. Mtsikanayu ndi wodalirika?"

"Tiona Lamulungu, bwana," ndinatero.

Anabweza fomu mu dirowa osalembapo.

Loweruka lake

Ndinadzuka kukuwala. Kuseri kwa khoma kunalibe tsache, kunalibe nyimbo. Ndinatuluka n'kumupeza atakhala pa mphasa miyendo atatambasula, chinthu chija chili pamiyendo. Sichinali nyenyezi, sichinali mpango. Chinali chokwinyika ngati chikwama cha fodya, mbali ina yaitali, ina yaifupi, pakati pali bowo lolowa zala ziwiri. Pambali pake panali bokosi la machesi. Sankalira. Akanalira mwina ndikanabwerera m'nyumba, chifukwa misozi sindiikhulupirira. Ankangotola timaulusi tachikasu pa mphasa, kamodzikamodzi, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kumaika m'bokosi la machesi lija.

"Ukutani?"

"Anati ngakhale kaulusi kasagwe pansi," anayankha osadzutsa mutu. "Ndikawabwezera zonse. Ndikatero ndizikalongedza."

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana chala chakecho. Munthu amene ndinkamuyesa wakuba ankatola ulusi wa mwana wakufa pamene panalibe womuona. Bambo wa njinga yamoto uja sakanatola. Ndipo amene anaima pawindo Lachinayi, ameneyo ankafanana ndi yani? Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ndiulula ziwiri, njira ya Sisitere ndi bodza langa, ndipo chachiwiricho sichidzabwerera m'kamwa. Ndikanatha kungomuthandiza ngati ndangoganizira pompo. Koma nsonga imodzi inali itadyeka kale, ndipo wina ankayenera kukaiyankha kwa a Chimenya.

"Koleza moto," ndinatero. "Uike madzi pang'ono. Paulo akapemphe ufa wa makaka kwa amake Esinati, pa nyumba iyo."

Anandiyang'ana.

"Fulumira, mvula ikubwera. Simbi yako ili ndi makala?"

Tinamasula misoko yonse ndi nsonga ya singano, pang'onopang'ono, osakoka. Ndinaphika phala lija lamadzimadzi, ndinasefa pa kansalu, tinaviika chidutswa chilichonse n'kuchiyala pa pepala lake la simenti kuti chibwerere m'mizere yake, kenako kusita ndi simbi yofunda chabe, nsalu ina ili pamwamba. Zinalimba gwa. Tinayala nsalu yabuluu pa chitseko chimene tinachizula n'kuchigoneka pa mipando iwiri. Zitatu zazikulu zinagundana bwinobwino. Kamapasa kakumwamba kanakhala. Rozaliya ankaona manja anga osaphethira, ndipo ine kwa nthawi yoyamba sindinawabise.

Tili mkati mokhomerera ulusi, iye mbali iyo ine mbali ino, anafunsa mosakweza mawu.

"Achemwali, phala ili mwaliganiza lero?"

"Ayi."

"Munkalidziwa tsiku limene amayi anabwera?"

"Ndinkalidziwa."

"Ndi Lachinayi ndikudula?"

"Ndinali pawindo."

Singano yake inaima. Ndinadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanalandira. Anangoti, "Gwirani apa, pakutukuka." Ndinagwira. Tinasoka mpaka tinamaliza.

Ulusi wa m'bokosi la machesi tinaukulunga m'kansalu n'kuulowetsa pansi pa chidutswa chapakati tisanatseke, kotero kuti unakweradi pa mbendera wonse. Koma kamapasa kapansi ndi kamene kanasokedwa ndi kumasulidwa kambiri. Nsonga yake inafupika ngati theka la chala. Munthu wakutali sakanaona. Mayi wake wa Felista akanaona.

Dzuwa litapendeka tinanyamula mbendera kupita nayo kwa a Chimenya. Tinawapeza pakhonde, mayi akusenda chinangwa. Tinagwada, tinaitambasula. Mayi Chimenya anapukuta manja, anayendetsa chala pa nsonga iliyonse, ndipo atafika pa yapansi chala chinaima.

"Iyi yatani?"

Rozaliya anatsegula pakamwa koma ndinamutsogolera. "Imeneyo ndi yanga, amayi. Njira yochitira pa nsalu ndinkaidziwa kuyambira kale. Ndinakunamizani. Mwanayu mizere yake inali yolondola yonse, chimene sankadziwa n'chimodzi, ndipo ine ndinamuonerera akudula osamuuza. Ulusi umene unasololoka anatola wonse, uli pansi apa, gwirani mumve. Wolakwa ndine."

Mayi Chimenya anagwira pakati paja, anamva kakutupa. Kenako anandiyang'ana.

"Amake Paulo, inu munabwera pa maliro a mwana wanga. Munandigwira pamapewa. Ndiye mpango wake ukudulidwa molakwika, inu muli kuonerera?"

"Eya, amayi."

"Chifukwa chiyani?"

Ndinafuna kunena za Likoswe, za utoto wofiira, za benchi lija. Nditazikonza m'kamwa zinali zazing'ono kwambiri pamaso pa mayi ameneyo. "Ndinkaopa kuberedwa," ndinatero.

"Kuberedwa chiyani? Phala?"

A Chimenya anaimirira, anapinda mbendera okha mosamala, n'kunena kuti, "Madamu Muhiwa, mawa mudzainyamule ndinu. Mayi Nampinga, Lolemba mundipeze ku ofesi belu lisanalire."

Lolemba, ndi zaka zotsatira

Mdipiti unayenda mvula ikuwaza. Mbendera inali patsogolo, Rozaliya atagwira mtengo wake ndi manja awiri, Mayi Chimenya pambuyo pake penipeni. Ine ndinali kumapeto, ndi amayi a ana olira. Lolemba ndinapeza fomu ili pa tebulo, dzina la Rozaliya litalembedwa kale, ndipo a Chimenya anaitembenuza dala kuti ndiwerenge. Kenako anati kuyambira teremu imeneyo Sitandade 7 aipereka kwa wina, ine ndipite ku Sitandade 1, pansi pa mtengo wa kumapeto kwa bwalo. "Kumeneko kulibe chobisa," iwo anatero. "A ndi a, wani ndi wani." Ndinakhala pansi pa mtengo umenewo zaka zisanu ndi chimodzi, ndi ana oposa amene ndikanatha kuwadziwa mayina, mpaka mawu anga anasasa monga mukuwamvera lero. Sindinapemphe kusamuka. Mayi Chimenya anakhala zaka ziwiri osandipatsa moni, pa mtendere wa mu Misa ankapereka dzanja kwa wakumbuyo kwanga. Chaka chachitatu anatumiza mwana ndi nkhwani, opanda uthenga.

Rozaliya anapita ku koleji, anakhoza, anaphunzitsa azing'ono ake onse awiri. Lero ndi Hedi pa sukulu ina ku Thyolo, ndipo ndimamva kuti mphunzitsi aliyense watsopano akafika pamenepo amamukhazika pansi sabata yoyamba n'kumuonetsa zonse zimene akudziwa, ndi phala lomwe. Ndi mayi uja wonenepa amene amabwera kuno chaka chilichonse ikatha Pasaka, amene inu aang'ono mumati ndi mnzanga wa ku tchalitchi. Amakhala pa mpando uwo, timakamba za mitengo ya feteleza ndi za mawondo. Za windo lija sanazitchulepo ngakhale kamodzi, ndipo sindidziwa ngati anandikhululukira kapena amangobwera kudzaona ngati ndikadali moyo. Sindinamufunse. Akanati wandikhululukira sindikanakhulupirira.

Tsono mumve, iwe Paulo makamaka, poti ndiwe udzayendetse zinthu. Tsiku langa likadzafika, uthenga woyamba upite kwa Rozaliya, ngakhale amalume anu asanamve. Akadzafika musadzamusiye panja pa mabenchi a aphunzitsi opuma. Mudzamulowetse m'nyumba mwa abale, akhale pa mphasa kumutu kwanga, ndipo wofunsa kuti ameneyu ndi wa kwa yani mudzamuuze kuti ndi mng'ono wanga.

Koma makina anga osokera musadzamupatse. Ali nawo ake.